Guido wa ku Arezzo, mmonke amene anaika nyimbo pa mizere

Aliyense amene anakhalapo pa maphunziro a kwaya, kaya ku parishi kaya m'matchalitchi aang'ono a kwa Nthache, adziwa malemba aja amene mphunzitsi amalemba ndi choko pa bolodi: d, r, m, f, s, l, t. Ndi ana omwe amawatchula pamtima. Koma ndi owerengeka amene adziwa kuti chiyambi cha mainawa chinachokera kwa mmonke wina wa ku Italy, dzina lake Guido, amene anakhala pansi pano zaka 1,000 zapitazo, namva zowawa zambiri chifukwa cha nzeru yakeyo.

Guido anabadwa cha m'ma 991. Ali mnyamata analowa m'chipani cha Benedict Woyera, m'nyumba ya amonke ya Pomposa, kufupi ndi kumene mtsinje wa Po uthira m'nyanja. Lamulo la chipanichi lifuna kuti amonke aimbe Masalimo onse 150 sabata iliyonse, usana ndi usiku, osawerengera nyimbo za Misa ndi za masiku a Oyera. Tsono nyimbo zonsezi zinali zosungira m'mutu. Mabuku analipo, olembedwa ndi manja pa zikopa, ndipo pamwamba pa mawu panali tizizindikiro tosonyeza kuti apa liwu likwera, apa litsika. Koma likwera mpaka pati, sitinali kunena. Kunali ngati kuuza mlendo wochoka ku Mwanza Boma kunka ku Thambani kuti njira ikwera ndi kutsika, osamuuza kutalika kwake. Wodziwa kale nyimboyo ankakumbutsidwa. Wosaidziwa anayenera kuyembekeza mphunzitsi kuti amuimbire kambirimbiri. Mwana ankatha zaka 10 asanasanduke woimba weniweni, ndipo mphunzitsi akamwalira kapena kuiwala, nyimbo inkapotoka, kotero kuti tchalitchi chilichonse chinali ndi maimbidwe akeake.

Chimenechi chinamuvuta mtima Guido. Iye pamodzi ndi mmonke mnzake, Michael, anayamba kulemba buku la nyimbo m'njira ina. Anajambula mizere yotsatana, naika chizindikiro chilichonse pa mzere kapena pa mpata wa pakati pa mizere iwiri, kuti malo ake okhawo anene liwu lake. Mizere iwiri anaipaka utoto: wofiira wa liwu la F, wachikasu wa liwu la C, pakuti pansi pa mawu awiriwa mpamene pali theka la sitepe, pamene oimba amakonda kuterereka. Ena asanabadwe iye anayesapo mzere umodzi kapena iwiri. Guido ndiye anaisanja bwino, naiphunzitsa mpaka inagwira.

Tikanayesa kuti abale ake akondwa. Iai. Akuluakulu amene anataya unyamata wawo poloweza nyimbo sanafune kuona ana akuzidziwa m'miyezi yowerengeka, ndipo nsanje inalowa m'nyumba ya mapemphero. Cha m'ma 1025 Guido anachoka ku Pomposa, nasiya Michael komweko. Anamulandira ndi Ambuye Tedald, Episkopi wa ku Arezzo, amene anamupatsa ntchito yophunzitsa oimba a m'tchalitchi chachikulu. Kumeneko analemba buku lotchedwa Micrologus, limene linawerengedwa m'masukulu a ku Ulaya zaka mazanamazana.

Nzeru yake yachiwiri ndiyo yatifika ife. Panali nyimbo yachilatini yolemekeza Yohane Mbatizi Woyera, imene mzere wake uliwonse unkayamba pa liwu lokwererapo kuposa mzere wam'mbuyo. Guido anatenga maphatikizo oyamba a mizere 6, ndiwo ut, re, mi, fa, sol, la, nawasandutsa maina a mawu, kuti mwana akakumana ndi nyimbo yachilendo akhale ndi pogwira. Motero zaka 10 zija zinatsika kufika pa chaka chimodzi kapena ziwiri. Liwu lachisanu ndi chiwiri analionjeza anthu ena patapita zaka zoposa 500, ndipo ut anasanduka do ku Italy komweko. Ku England, mayi Sarah Glover wa ku Norwich ndi mbusa John Curwen, amene anamwalira mu 1880, anakonza kalembedwe ka malemba okhaokha popanda mizere, ndipo ndi kameneka kanafika kuno ndi amishoni.

Zizindikiro zobwereza sizinali za Guido, koma zinamera m'munda umene iye analima, ndipo muyenera kuzisamala, inu aphunzitsi a kwaya. Chikopa chinali chodula, ndipo mlembi sanafune kulemba chinthu chimodzi katatu. Achikulire amene anaimbapo Misa yachilatini angakumbuke kuti m'mabuku aja, patsogolo pa Kyrie ankalemba iij, kutanthauza katatu, ndi patsogolo pa Aleluya ij, kutanthauza kawiri. Pambuyo pake kunabwera mizere iwiri yoimirira yokhala ndi timadontho tiwiri: timadonthoto tiyang'ana mbali imene iyenera kuimbidwanso. D.C. atiuza kubwerera koyambirira kwa nyimbo, D.S. atiuza kubwerera pamene pali chizindikiro. Fine ndi pothera. Mawu onsewa ndi achitaliyana. Ambiri pokopera nyimbo m'kope amawasiya, nati tidzakumbukira. Tsiku la chikondwerero likafika, matchalitchi atatu atasonkhana pamodzi, amayi alowa ndime yachiwiri pamene abambo abwerera ku kolasi, ndipo mpingo wonse ungoti kakasi. Achinyamata amene amalemba manotsi pa kompyuta ndi pulogalamu ngati MuseScore aona okha kuti makinawo amaimba zokhazo zimene zalembedwa: ukaiwala chizindikiro, sabwerera. Pamenepa makina ali kumbali ya Guido.

Tibwerere kwa mmonke wathu. Mbiri ya ana a ku Arezzo inamveka mpaka ku Roma, ndipo Papa John XIX anatuma amithenga kukamuitana, cha m'ma 1028. Guido anapita ndi buku lake. Papa analitsegula, nawerenga malangizo a koyambirira, ndipo sanadzuke pa mpando kufikira ataimba yekha ndime imene anali asanaimvepo ndi kale lonse. Anafuna kuti Guido akhale ku Roma aphunzitse ansembe, koma kutentha kwa m'chilimwe kunamudwalitsa, nachoka atalonjeza kudzabweranso nyengo yozizira.

Mkulu wa amonke a ku Pomposa naye anaona bukulo, navomera kuti analakwa pomvera adani a Guido, namupempha kuti abwerere kwawo. Zonsezi tizidziwa chifukwa cha kalata imene Guido analembera Michael. M'kalatamo muli madandaulo a munthu wopirikitsidwa, koma mulinso chiyembekezo chake: kuti obwera m'mbuyo, pophunzira mosavuta zimene iye anaphunzira ndi thukuta, adzapempherera iye ndi anzake omuthandiza kuti Mulungu awakhululukire machimo awo.

Chikalata china cha chaka cha 1033 chisonyeza kuti anali ku Arezzo m'chakacho, ndipo anamwalira pambuyo pake. Mu 1882 anthu a mumzindawo anaimika chifanizo chake pa bwalo limene litchedwa ndi dzina lake.