Vsevolod Frederiks, katswiri wa sayansi amene anafera m'ukaidi

Vsevolod Frederiks anabadwa mu 1885 mumzinda wa Warsaw, umene panthawiyo unali pansi pa ulamuliro wa Russia. Anachita maphunziro a sayansi ku Geneva, kenaka anakagwira ntchito ku Göttingen m'dziko la Germany, ndipo anabwerera ku Russia mu 1918.

Ali ku Leningrad, anafufuza za makristalo amadzimadzi. Izi ndi zinthu zimene zimayenderera ngati madzi, koma timagawo take tosaoneka ndi maso timandandalika moloza mbali imodzi. Mu 1927 anaonetsa kuti mphamvu ya maginito ikapyola mlingo wina wake, timagawoti timatembenuka, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti magetsi nawonso amatitembenuza. Kutembenukaku, kumene akatswiri amakutchula ndi dzina lake mpaka lero, kumasintha kadutsidwe ka kuwala.

Nzeru imeneyi ndiyo imagwiritsidwa ntchito m'magalasi a zipewa za anthu owotcherera zitsulo, aja amada okha moto ukangothetheka. Akatswiri akuyesanso makristalowa pofuna kuteteza maso ndi makamera ku kuwala kwa leza, kumene kungathe kuwononga diso munthu asanaphethire.

Frederiks sanaone phindu la ntchito yakeyi. Mu 1936, mu ulamuliro wa Stalin, anamangidwa, ndipo mu 1937 anagamulidwa kukhala m'ndende zaka 10. Mkazi wake Maria, mlongo wa katswiri wopeka nyimbo Dmitri Shostakovich, anathamangitsidwa mu Leningrad. Frederiks anamwalira mu 1944 mumzinda wa Gorky akadali mkaidi.