Jackson Pollock, Mmisiri Wojambulira Pansi

M'magazini ano timakonda kulemba mbiri za mafumu ndi za anthu oyenda maulendo atali. Ine ndasankha munthu wa ku America amene nchito yake inali kujambula ndi utoto, koma m'zithunzi zake zotchuka simuoneka munthu, nyama kapena mtengo ai. Dzina lake ndi Jackson Pollock. Ndinamdziwa poonera kanema wochedwa Pollock, wa m'chaka cha 2000, ndipo pambuyo pake ndinafunafuna m'mabuku kuti ndione ngati zimene ndinaonazo zinachitikadi.

Pollock anabadwa pa 28 January, 1912, ku Cody m'dera la Wyoming, ndipo anali mzime mwa ana amuna asanu. Atate wake anali mlimi, kenaka analowa nchito yoyeza malo, ndipo banjalo linali losamukasamuka ku Arizona ndi ku California. Pa sukulu sanali mwana wofatsa. Anachotsedwa koposa kamodzi, ndiponso anayamba kumwa mowa akali mnyamata wa msinkhu wathu womwe uno. M'chaka cha 1930 anatsata mkulu wake Charles ku New York, naphunzira kujambula kwa Thomas Hart Benton. Zinali zaka za umphawi waukulu m'dzikomo, ndipo chimene chinamsunga ndi nchito imene boma linali kupatsa amisiri ojambula. M'chaka cha 1938 mowa unamgoneka m'chipatala miyezi ingapo.

Mwai wake unadza ndi amai awiri. Woyamba ndi Lee Krasner, amenenso anali mmisiri wojambula wodziwa nchito, ndipo anakwatirana m'chaka cha 1945. Wachiwiri ndi Peggy Guggenheim, mai wachuma wokonda zithunzi, amene kuyambira 1943 anali kumpatsa madola 150 pa mwezi kuti azijambula osadera nkhawa za chakudya. Mai yemweyu anawakongoza ndalama zogulira nyumba ku Springs, kamudzi ka pa chilumba cha Long Island. Krasner anafuna kumchotsa mwamuna wake mu mzinda kuti atalikirane ndi nyumba za mowa.

Kumeneko, m'chinyumba chamatabwa chosungiramo katundu, ndi kumene kunachitika zimene tiri kumkumbukira nazo. Kuyambira 1947 analeka kuimika nsaru yojambulapo monga achitira amisiri ena. Anali kuiyala pansi ngati mphasa, natenga chitini cha utoto wamadzimadzi, womwe uja apakira nyumba, naviika kamtengo kapena burashi youma, nadontheza ndi kuwaza utotowo alikuzungulira mbali zonse zinai. Nthawi zambiri kamtengoko sikanali kukhudza nsaru konse. Mzera unali kupangika m'malere, nugwera pansi. Anali ataonapo Anavajo, amene ali eni dziko akale a kumeneko, alikujambula pansi ndi mchenga wa mitundumitundu, ndipo m'chaka cha 1936 mmisiri wa ku Mexico, David Alfaro Siqueiros, anamuonetsa machitidwe a utoto wothira. Pa chithunzi china cha 1947 anamatirapo misomali, mabatani, ndalama zachitsulo ndi zotsala za fodya. Zithunzi zambiri sanazipatse maina koma manambala okha, kuti woona asayambe kufunamo nkhope kapena phiri.

Ndidziwa kuti ena a inu mudzati ngakhale mwana wa Sitandade 1 angathe kutaya utoto pansi. Anthu ambiri a ku America ananena zomwezo. Koma ine nditayang'anitsitsa zithunzi za 1950, monga Autumn Rhythm, ndiona kuti mizera ija siinagwe mwangozi. Pena iri yopyapyala ngati ulusi, pena yonenepa, ndipo palibe ngodya imene yalemera kuposa inzake. Kuti zitero munthu ayenera kudziwa kulimba kwa utoto wake ndi liwiro la dzanja lake, monga wovina adziwa poponda ngakhale sayang'ana mapazi. Ndiponso dziwani ichi: zithunzi zake zoposa zonse anazijambula pakati pa 1948 ndi 1950, zaka ziwiri zimene analeka mowa.

M'mwezi wa August 1949 magazini a Life anafunsa owerenga ngati iyeyu ndiye mmisiri wojambula woposa onse amoyo m'dziko la America, ndipo dzina lake linamveka ponseponse. Kutchukako sikunamkomere. M'mwezi wa November 1950 Hans Namuth anatsiriza kumjambula kanema alikugwira nchito panja pozizira. Pollock analowa m'nyumba, nathira mowa m'tambula, ndipo madzulo omwewo anagubuduza tebulo la chakudya pamaso pa alendo. Kuyambira pamenepo sanalekenso. Zithunzi zakuda zimene anajambula m'chaka cha 1951 sizinayende malonda, ndipo pofika 1956 sanali kujambulanso kanthu.

Chaka chimenecho anapalana chibwenzi ndi mtsikana wina, ndipo mkazi wake, atatopa, anapita ku Ulaya. Usiku wa pa 11 August, 1956, Pollock anayendetsa galimoto ataledzera, muli chibwenzi chakecho ndi mnzake wa chibwenzicho amene anangodza kudzacheza. Galimoto inaphonya mseu pafupi ndi kwao. Pollock anafera pomwepo ali ndi zaka 44, mlendo uja anafanso, ndipo anapulumuka mmodzi yekha.

M'kanema muja Ed Harris ndiye Pollock, ndipo ndi iye yemwe anatsogolera kanemayo. Anaphunzira kudontheza utoto kotero kuti manja amene tiona ndi akeake. Marcia Gay Harden, amene ali Krasner, analandira mphoto ya Oscar m'chaka cha 2001. Kanemayo ndi wabwino ndithu, koma chimene sichinandikondweretse ndi ichi: atichititsa chisoni ndi mmisiri maora awiri, pamene mtsikana wosalakwa uja, wa zaka 25 zokha, aoneka kanthawi kochepa kumapeto.

Krasner anasamala zithunzi za mwamuna wake kufikira imfa yake m'chaka cha 1984, nabwereranso mwamphamvu ku nchito yake m'chinyumba chomwe chija. M'chaka cha 1973 boma la Australia linagula Blue Poles, chithunzi cha 1952, ndi madola a kumeneko 1,300,000, ndipo anthu ambiri m'dzikomo anakwiya kuti ndalama zatayika. Nyumba ya ku Springs inasanduka yosungiramo mbiri. Utoto umene unali kugwera kunja kwa nsaru ukali pa matabwa apansi, ndipo alendo avula nsapato zao, navala zofewa asanapondepo.