William Withering: Sing'anga Amene Anayeza Mankhwala a Mtima

Kale munthu akagwidwa ndi nthenda ya mbulu, abale ankataya mtima. Wodwalayo ankatupa miyendo ndi mimba, ndipo akagona chagada ankabanika. Masiku ano nchodziwika kuti kawirikawiri gwero la nthendayi ndi mtima wofooka umene sutha kupopa magazi mokwanira, kotero kuti madzi amadikha m'mapapo ndi m'thupi monse. Mmodzi mwa anthu oyamba kulimbana nayo mwadongosolo anali William Withering wa ku Mangalande.

Withering anabadwa m'chaka cha 1741 ku Wellington, m'chigawo cha Shropshire. Anatsiriza maphunziro a udokotala ku Edinburgh mu 1766, nayamba ntchito ku Stafford. Kumeneko anakumana ndi Helena Cookes, wodwala wake amene ankakonda kujambula maluwa. Pomfunira maluwa oti ajambule, iyenso anayamba kukonda zomera, ndipo awiriwa anakwatirana mu 1772. Pambuyo pake anasamukira ku Birmingham, kumene anthu osauka ankawachiritsa ulere.

Mu 1775 anthu ena anamfunsa maganizo ake pa mankhwala a mbulu amene mayi wina wokalamba wa ku Shropshire ankawasunga mwachinsinsi. Withering sanawanyoze ai. Atapenda mitundu yoposa 20 ya zitsamba zimene zinali m'menemo, anazindikira kuti mphamvu yonse inali m'chomera chimodzi chotchedwa foxglove.

Koma chitsambachi ndi chiphe. Poyamba Withering ankapereka chochuluka, ndipo odwala ankasanza koopsa, ena ankaona zinthu ngati zachikasu kapena zobiriwira, pamene mtima unkagunda mochedwa kwambiri. Apa ndi pamene nzeru zake zinaonekera. Anaona kuti mphamvu ya masamba imasintha ndi nyengo, choncho ankawatchera pa nthawi imene chomeracho chikuchita maluwa, nkuwaumitsa, nkuwapera kuti mlingo uzikhala wodziwika. Ankayamba ndi pang'ono, ndipo ankalangiza kuti mankhwalawo alekedwe akangoyamba kuonetsa mphamvu pa impso, m'mimba kapena pa kugunda kwa mtima.

Kwa zaka khumi analemba mbiri ya odwala 163, osabisa ngakhale iwo amene sanachire. Zonsezi anazisindikiza mu 1785 m'buku lotchedwa An Account of the Foxglove. Iye ankayesa kuti ntchito yaikulu ya chitsambachi ndi kukodzetsa, komabe anaona kuti chili ndi mphamvu yodabwitsa pa kagundidwe ka mtima. Amene anadza pambuyo pake anatsimikiza kuti chimalimbitsa mtima, ndipo mkodzo umachuluka chifukwa magazi ayamba kufika bwino ku impso.

Zaka zake zotsiriza zinali zowawa. Pa zipolowe za ku Birmingham mu 1791 anathawa kunyumba kwake ku Edgbaston. Nthenda ya chifuwa inamfooketsa, ndipo ngakhale anapita ku Portugal kukafuna mpweya wofunda, anamwalira pa 6 Okutobala 1799. Pa mwala wa chikumbutso chake m'tchalitchi cha Edgbaston anazokotapo foxglove.

Mu 1930 Sydney Smith anatulutsa digoxin m'chomera cha mtundu womwewo. Lero digoxin salinso mankhwala oyamba pa kufooka kwa mtima, pakuti kunabwera ena amene amatalikitsa moyo, ndiponso okodzetsa monga furosemide. Koma chiphunzitso cha Withering chikadalipo m'chipatala. Namwino asanapereke digoxin amawerenga kugunda kwa mtima kwa mphindi yathunthu, ndipo kukachepera 60 amayamba wafunsa dokotala. Amayeza kulemera kwa wodwala m'mawa uliwonse kuti adziwe ngati madzi akuchuluka, amamtsamiritsa kuti apume bwino, amamchepetsera mchere m'chakudya, ndipo amakhala tcheru pa mseru ndi kusaona bwino.

Withering sanatulukire foxglove, pakuti anthu akumudzi ankamdziwa kale. Chimene anasiyira dziko ndi mlingo: kudziwa malire a pakati pa mankhwala ochiza ndi chiphe chakupha.