THOMAS BAINES (1820–1875): WOJAMBULA WA PA ULENDO WA ZAMBEZI

Dzina la Dr. David Livingstone limadziŵika m'mipingo yonse ya chigawo chino, ndipo nkoyenera kutero. Koma pa ulendo wake wa pa Zambezi, umene unatsegula njira ya ku Shire ndi ku Nyanja ya Malaŵi, panali anthu ena amene maina awo satchulidwa kaŵirikaŵiri. Mmodzi wa iwo ndiye Thomas Baines, wojambula zithunzi ndi mapu, amene ntchito ya manja ake inaonetsa anthu a ku Ulaya maonekedwe a maiko ano makina ojambulira asanafale.

Baines anabadwa pa 27 Novembala 1820 ku King's Lynn, mzinda wa padoko ku Mangalande. Atate wake anali woyendetsa zombo. Ali mnyamata anaphunzira ntchito yopaka utoto ndi kulemba zizindikiro pa ngolo za anthu olemera, ndipo m'chaka cha 1842 anawoloka nyanja nafika ku Cape Town. Pambuyo pake anatsagana ndi asilikali a Angerezi pa nkhondo yawo yolimbana ndi Axhosa, najambula zimene anaona. Kuyambira 1855 anayenda ndi Augustus Gregory kumpoto kwa Australia, kumene mtsinje wina ndi phiri lina zinapatsidwa dzina lake. Chifukwa cha mbiri yabwino imene anabwera nayo kumeneko, anasankhidwa m'chaka cha 1858 kukhala wojambula ndiponso wosunga katundu pa ulendo wa Livingstone.

Ntchito ziŵirizi zinali zolemera pa munthu mmodzi. Gululo linamanga msasa ku Tete, ndipo katundu wambiri anasiyidwa m'manja mwa Baines, amene ankadwala malungo pafupipafupi. Ngakhale zinali choncho, iye anajambula mtsinje, sitima yawo yotchedwa Ma Robert, mzinda wa Tete ndi anthu ake, ndiponso mathithi a Kebrabasa, pamene lero pali damu la Cahora Bassa. Mathithi ameneŵa ndiwo anatsekereza sitima ija, nachititsa Livingstone kutembenukira ku mtsinje wa Shire. Pamene Livingstone ndi John Kirk anafika pa Nyanja ya Malaŵi mu Sepitembala 1859, Baines sanali nawo, ndipo nyanjayo sanaione m'moyo wake wonse.

Chaka chomwecho kunabuka mlandu umene unampweteka mpaka imfa yake. Charles Livingstone, mng'ono wake wa David, sankamvana naye, ndipo Baines ananenezedwa kuti anamwaza katundu wa ulendo, makamaka shuga, ndi kuti ankawononga nthaŵi ndi utoto pojambula Apwitikizi a ku Tete. Livingstone anamchotsa ntchito. Baines anakana kuti sanabe kanthu, napempha mobwerezabwereza kuti mlandu wake uweruzidwe poyera, koma sanapatsidwe bwalo. Olemba mbiri ambiri a masiku ano amaona kuti umboni womutsutsa unali woperewera, ndi kuti Livingstone, amene pa nthaŵiyo anali wodwala ndi wokhumudwa ndi zovuta za ulendo, anaweruza mofulumira. Buku la ulendowo litatuluka mu 1865, zina mwa zithunzi zake zinachokera pa zojambula za Baines.

Munthu wina akanabwerera kwawo ndi mtima woŵaŵa, koma Baines anakonza ulendo wina. Mu 1861 ananyamuka ku Walvis Bay ndi wamalonda James Chapman, nadutsa maiko amene lero ndi Namibia ndi Botswana pa ngolo za ng'ombe. Panjira anajambula milambe ikuluikulu ya pafupi ndi Nxai Pan, imene iliko mpaka lero ndipo imatchedwa ndi dzina lake. Mu Julaye 1862 anafika pa mathithi a Mosi-oa-Tunya. Eni dziko ankawadziŵa mathithiwo kuyambira kalekale, ndipo Livingstone anawaona mu 1855 nawatcha Victoria Falls. Baines anakhala pamenepo masiku angapo, akuyeza ndi kujambula, ndipo zithunzizo zinasindikizidwa ku London mu 1865. Cholinga chake chotsika ndi bwato mpaka kunyanja yamchere chinalephereka chifukwa cha malungo ndi njala.

Apa mpamene pakuonekera mphamvu ya chithunzi ndi mapu m'mbiri ya dziko. Zimene oyenda maulendo analemba ndi kujambula zinaŵerengedwa m'masukulu, m'mipingo, m'nyumba za malonda ndi m'maofesi a maboma. Ena ataona anagwidwa chisoni ndi malonda a akapolo, napereka chuma ndi ana awo ku ntchito ya Uthenga Wabwino. Ena ataona zomwezo anasirira nthaka ndi miyala ya mtengo wapatali. Njira imene inalembedwa pa pepala inayendedwa ndi onse aŵiri.

Baines mwini wake analoŵa m'mbali yachiŵiriyi. Mu 1869 anatumidwa ndi kampani yofuna golide ku dziko la Amandebele, nalemba mapu a njira yochokera ku Transvaal. Mfumu Lobengula anamkhulupirira, nampatsa chilolezo chokumba golide, chimene chinalembedwa mu 1871. Kampaniyo inalibe ndalama, ndipo Baines sanapindule kanthu. Koma chilolezocho pambuyo pake chinagwera m'manja mwa kampani ya Cecil Rhodes, imene anthu ake analoŵa m'dziko la Mashona mu 1890, nagonjetsa Lobengula mu 1893. Baines sanakhale ndi moyo kufikira kuona zimenezi, komabe mapu ake ndi mbiri ya golide imene anafalitsa zinathandiza kukopa anthu amene analanda dzikolo.

Anamwalira ndi kamwazi ku Durban pa 8 Meyi 1875, ali wosauka ndi wosakwatira, akukonzekera ulendo wina wa kumpoto. M'chaka chomwecho, mu Okutobala, sitima ya Ilala inafika ku Cape Maclear ndi amishonale oyamba a Livingstonia, ndipo chaka chotsatira mishoni ya Blantyre inakhazikitsidwa. Zithunzi zake zambiri zikusungidwa ku Royal Geographical Society ku London ndi ku nyumba yosungira mbiri ya dziko ku Harare, ndipo ophunzira amapezamo zovala, nyumba, mabwato ndi nkhope za anthu a m'mbali mwa Zambezi a nthaŵi imeneyo.

Mpingo umene umalemekeza Livingstone suchepetsa ulemuwo pokumbukira munthu amene iye anamweruza osamumva. Kwa onse okhala pa mabwalo a Mpingo, m'sesheni, m'presbiterio ndi m'Sinodi, mbiri ya Thomas Baines ndi chikumbutso chakuti ngakhale mtumiki wamkulu wa Mulungu angathe kulakwira wantchito wake, ndi kuti wonenezedwa ayenera kumvedwa mlandu usanagamulidwe.