TOM WAKHUNGU, WOIMBA LIMBA

M'midzi yathu ya ku Chiparamba timadziwa kalimba, kamene munthu amaimba ndi zala ziwiri atakhala pabwalo madzulo. Azungu ali nalo limba lao lalikulu lochedwa piyano. Limbali lili ndi timatabwa 88, tina toyera, tina takuda. Munthu akatsindika kathabwa kamodzi, kanyundo ka m'kati kamenya nsambo, ndipo mau amveka. Ofuna kulidziwa bwino amaphunzira zaka zambiri. Koma kunali mwana wina wa akapolo, wosaona, amene anayamba kuliimba asanamphunzitse munthu.

Dzina lace linali Thomas Wiggins, koma anthu anamucha Tom Wakhungu. Anabadwa m'caka ca 1849 ku Georgia, m'dziko la Amereka. Makolo ace a kale anatengedwa ukapolo kuno ku Afirika. Atate ace Mingo ndi amai ace Charity anali akapolo. M'caka ca 1850 mbuye wao anawagulitsa kwa Mzungu wina dzina lace James Bethune. Tom anapita nao pamodzi, ngakhale anthu anati mwana wakhungu alibe phindu, popeza sadzagwira khasu.

Mwanayo analibe maso, koma makutu ace anali akuthwa koposa. Akamva tambala akulira, kapena mvula ikugwa padenga, iye anali kubwereza mau omwewo osaphonya. Ana akazi a Bethune anali kuphunzira piyano m'nyumba, ndipo Tom anali kumvetsera ali panja. Tsiku lina analowa, nafufuza limbalo ndi manja, nayamba kuimba zimene anazimva. A m'nyumba anazizwa kwambiri. Pofika zaka zisanu anali atapeka nyimbo yaceyace yofanizira mvula ya mkuntho.

Bethune anaona kuti mwa mwanayu muli cuma. Tom ali ndi zaka zisanu ndi zitatu anambwereketsa kwa munthu wina, Perry Oliver, amene anayenda naye m'mizinda yambiri. Anthu anali kulipira ndalama pakhomo kuti amumve. Munthu akaimba nyimbo yacilendo kamodzi kokha, Tom anali kukhala pampando naibwereza. Anathanso kuimba nyimbo imodzi ndi dzanja lamanja, ina ndi lamanzere, yacitatu ndi pakamwa, zonse nthawi imodzi. M'caka ca 1860 anaimba ku White House pamaso pa James Buchanan, mtsogoleri wa dziko la Amereka.

M'caka ca 1861 kunabuka nkhondo pakati pa a kumpoto ndi a kumwera kwa dzikolo. A kumwera anafuna kusunga akapolo ao, ndipo Bethune anali wa mbali imeneyo. Motero Tom anaimbitsidwa kuti asonkhere ndalama anthu omwe anali kumenyera ukapolo wa mtundu wace. Masiku omwewo anapeka nyimbo ya nkhondo ya ku Manassas, m'mene limba limveka ngati ng'oma za asilikari ndi mizinga.

Nkhondo inatha m'caka ca 1865, ndipo akapolo onse anamasulidwa. Koma Tom sanalawe ufuluwo. Iye sanali kudziwa za ndalama, ndiponso sanathe kudzisamala yekha monga acitira anthu ena. A Bethune anali atapangana kale ndi makolo ace kuti apitirize kumsunga, ndipo pambuyo pace bwalo la milandu linampereka m'manja mwa John, mwana wa Bethune. M'caka ca 1866 anaoloka naye nyanja kunka ku Mangalande. Kumeneko akatswiri a limba, Ignaz Moscheles ndi Charles Hallé, anamuyesa, nabvomereza kuti luso lace linali lodabwitsa. Anali kuimba nyimbo zobvuta za Bach, Beethoven, Chopin ndi Liszt, zonse za pamtima. Ndalama zinalowa zambirimbiri, koma zinalemeretsa omsunga.

John atafa m'caka ca 1884, mkazi wace Eliza anafuna kutenga Tom. Anakopa amai Charity kuti amthandize pa mlandu, ndipo nkhalambayo inabvomera poyembekeza kukhala pamodzi ndi mwana wace. Mlandu unatha m'caka ca 1887, Tom naperekedwa kwa Eliza. Koma sipanapite nthawi, Charity anabwerera ku Georgia yekha, namwalira m'caka ca 1902. Tom anatsiriza masiku ace m'nyumba ya Eliza ku Hoboken, ali kuimbabe limba lace tsiku ndi tsiku. Anamwalira m'mwezi wa June 1908, ali ndi zaka 59.

Ana inu, mwana amene anayesedwa wopanda phindu ndiye amene dzina lace likumbukika kufikira lero, ndipo nyimbo zace ziimbidwabe. Koma iye analima, ena nakolola. Mukaona wakhungu m'mudzi mwanu ali kuimba kalimba kapena kuluka mphasa, musamseke, ndiponso musamdyere thukuta lace.

MAFUNSO

1. Kodi mau a piyano amaturuka bwanji?
2. Chulani zodabwitsa ziwiri zimene Tom anatha kucita.
3. Cifukwa ninji Tom sanalawe ufulu m'caka ca 1865?