Archibald Garrod, dokotala wa matewera akuda

Archibald Garrod anabadwira ku London mu 1857, ndipo bambo ake analinso dokotala. Ataphunzira ku Oxford, anagwira ntchito pa chipatala cha St Bartholomew's komanso cha ana cha Great Ormond Street.

Kumeneko anaona makanda amene matewera awo ankada bii mkodzo ukangokhalitsa pamphepo. Vutoli limatchedwa alkaptonuria. Madokotala ena ankaloza chala tizilombo ta m'matumbo, koma Garrod anayamba kufunsa za mabanja a anawo. Anapeza kuti makolo ambiri anali pachisuweni, ngakhale iwo eni anali bwinobwino. Katswiri wina, William Bateson, anaona kuti izi zikugwirizana ndi malamulo a Gregor Mendel: mwana amadwala pokhapokha akatengera chinthucho kwa mayi ndi bambo omwe. Garrod analemba zimenezi mu 1902.

Mfundo yake yaikulu inadza mu 1908. Iye anaphunzitsa kuti m'thupi la mwana wotere mukusowa enzyme imodzi, puloteni yophwanya asidi wina wake. Asidiyo amangodzadza ngati madzi mu ngalande yotsekeka, n'kutulukira mu mkodzo. Chialubino anachiika m'gulu lomwelo. Aphunzitsi, apa pokha mpofunika kuwafotokozera ana bwino: chialubino si tsoka kapena ufiti ayi, mwana amachitengera kwa makolo onse awiri.

Kunyumba kwake kunagwa zovuta. Ana ake awiri aamuna anafera pankhondo yoyamba ya padziko lonse, wachitatu anamwalira ndi chimfine mu 1919. Mu 1920 anakhala pulofesa wa zamankhwala ku Oxford, ndipo anamwalira ku Cambridge mu 1936, anthu ambiri asanamvetse kulemera kwa zomwe anapeza.

Mu 1941 George Beadle ndi Edward Tatum, pofufuza nkhungu, anasonyeza kuti majini, tizigawo ta DNA totengera kwa makolo, ndiwo amalamula kapangidwe ka ma enzyme. Jini ya alkaptonuria, yotchedwa HGD, inadziwika mu 1996. Lero tikudziwa kuti mbali ya DNA yokhala ndi malangizo opangira mapuloteni, yotchedwa exome, sifika n'komwe magawo 2 pa 100 alionse. Komatu zolakwika zambiri zodziwika zoyambitsa matenda otengera zimapezeka m'menemo. N'chifukwa chake kuyambira mu 2009 akatswiri amawerenga kambali kameneka kokha pofufuza matenda osowa, ndipo kawirikawiri amayeza mwana pamodzi ndi makolo ake.