Toscanini, mwana wa telala yemwe adakana kugwadira Mussolini

Pa 14 Meyi 1931, anyamata a chipani cha Benito Mussolini adawomba mbama mkulu wa zaka 64 pakhomo la holo ya zoimbaimba mumzinda wa Bologna ku Italy. Mlandu wake? Adakana kuimbitsa nyimbo ya chipanicho. Mkuluyu adali Arturo Toscanini, katswiri wotsogolera magulu akuluakulu a oimba.

Toscanini adabadwa pa 25 Malichi 1867 ku Parma ndipo bambo ake adali telala. Adaphunzira kuimba cello, chida chonga vayolini koma chachikulu. Mwayi wake udabwera mu 1886 ali paulendo ndi gulu lina ku Rio de Janeiro, m'dziko la Brazil. Anthu atakuwiza wotsogolera gululo, mnyamata wa zaka 19 adanyamula kandodo n'kutsogolera Aida, opera ya Giuseppe Verdi, yonse kuchokera pamtima. Dziwani kuti opera ndi sewero lomwe mawu ake amachita kuimbidwa, ndipo limatha maola angapo.

Kuyambira pomwepo dzina lake lidakwera. Ndiye adatsogolera La Bohème itangotuluka mu 1896, kenaka adalamulira ku La Scala mumzinda wa Milan. Adali waukali zedi. Woimba akalakwitsa, ankatha kuthyola kandodo kake.

Chodabwitsa n'chakuti mu 1919 adaimira nawo chisankho kumbali ya Mussolini yemweyo. Ataona nkhanza zake adamufulatira, ndipo pambuyo pa mbama ija sadaimbitsenso ku Italy mpaka 1946, nkhondo itatha. Hitler atalowa m'boma mu 1933, Toscanini adakananso kubwerera kuchikondwerero cha Bayreuth ku Germany.

Wailesi ndiyo idamufikitsa m'makomo mwa anthu wamba. Kampani ya NBC ku America idamukonzera gulu lakelake, ndipo usiku wa Khirisimasi mu 1937 adayamba kuwulutsa makonsati kuchokera ku New York. Kwa zaka 17, banja lomwe silikadakwanitsa tikiti linkamva Beethoven ndi Verdi litakhala pabalaza.

Pa 4 Epulo 1954, konsati ili pawailesi, mutu womwe udasunga nyimbo zambirimbiri uja udaiwala kwa kanthawi, dzanja n'kuima. Sadatsogolerenso konsati pagulu. Adamwalira ku New York pa 16 Januwale 1957 ndipo adaikidwa ku Milan.